Dzanja Limodzi Lovala Wotchi

Senderani kuno, adzukulu anga, foniyo muzimitse. Pepala la masheya wabwera nalo Yusufuli likununkha ngati lija atate ankasunga m'chitini cha tiyi.

Ndili kamtsikana, atate ndi asodzi anzawo a ku Chipoka anagula masheya m'kampani ya boti la injini. Ankati, "Botili ndi lathu." Ine ndinayesa kuti aliyense ali ndi thabwa lake, ndiye ndinasankha lakutsogolo n'kulilemba ndi khala.

Tsiku lina kunabwera bambo wa jekete wochokera ku Lilongwe. Anaitanitsa msonkhano, nanena motsitsa mawu kuti botilo ligulitsidwe. Amalume anga a Saidi anati, "Okana, manja m'mwamba." Anakwera manja khumi onunkha usipa, ine n'kuyamba kuvina. Atafunsa ovomera, bamboyo anakweza lake limodzi, losalala, lovala wotchi.

Mlembi wa kampaniyo anati, "Ligulitsidwa."

"Iwe, maso ulibe?" anatero atate.

"Achimwene, pano sitiwerenga manja, timawerenga masheya. Awa ali ndi ambiri kuposa nonsenu."

M'mawa mwake atate anatenga hamala kuti akazule gawo lawo. Anayambira pa thabwa langa lija. Apolisi anawagwira ngati mbala, poti sheya sikupatsa ngakhale msomali wa boti.

Amalume anabwerera ku bwato lawo lakale. Atate anatuluka m'ndende akutsokomola, ndipo mvula yotsatira sanaione. Mlembi uja anasamuka osatsanzika. Wa jekete anamanga loji ku Senga Bay.

Ndiye iwe Yusufu, usanandiuze kuti kampaniyo ndi yako, kafunse kaye kuti dzanja lovala wotchi ndi la ndani.