Nsalu Yosaluka pa Mphasa ya Akazi Anga

Ndinagwira ntchito ku Kanengo, pa fakitale yopanga nsalu yosaluka. Anthu a kuno ku Mpingu sanaimvetse ntchito imeneyi, ndipo ine ndinaleka kuwafotokozera. Nsalu imene iwo amaidziwa ndi ya ulusi wopingasana. Yathu sinali choncho. Kunkabwera mabelo a tiulusi toyera tonga thonje. Makina ena ankatipesa, ena n'kutiyala, kenako tinkadutsa pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira, zotentha kwambiri, zimene zinkatimata pamodzi. Ine ndinkaima pa zitsulozo mpaka tsitsi langa linachita imvi.

Yokhuthala inkapita kokapangira zosefera madzi ndi mpweya. Yopyapyala inkakhala zopukutira, matewera a ana, ndi zija amavala amayi akakhala kumwezi. Kutchalitchi akandifunsa ndinkangoti, “Timapanga sefa.” Zinali zoona, ndipo zinkawakwana.

Nditapuma ntchito ndinabwerera kudzalima. Patapita zaka, akazi anga anagwa pakhonde akupeta mphale. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwera kunyumba atafa mbali yakumanja, mawu akutuluka limodzilimodzi, mkodzo osaugwira. Namwino anandiuza kuti chimene chimapha odwala otere ndi zilonda za pogona, ndipo zimayamba khungu likamakhala pachinyezi.

Kwawo ndi ku Nambuma. Ine ndinawatenga chitengwa. Mwambo wathu ngwodziwika: mayi akadwala chonchi, amamusambitsa ndi kumusintha ndi abale ake aakazi. Mwamuna amakhala panja pampando, kulandira odzazonda matenda. Ana athu ali kutali, ndiye ine pampandopo sindinakhale.

Ndinakwera minibasi pa Njewa kupita kufakitale kuja. Kumeneko zodula za m'mphepete mwa nsalu amatipatsa ife amene tinagwirako ntchito. Ndinabwera ndi thumba lodzaza. Pamphasa ndinkayala mitundu itatu. Pansi penipeni yonyezimira, yosalola madzi kudutsa. Pakati yokhuthala, yomwa madzi. Pamwamba yopyapyala, yosaoneka bwino, imene madzi amadutsa n'kuisiya youma. Ndinkawatembenuza, kuwapukuta, kuwadzoza mafuta. Zonyowa ndinkakwirira kuseri kwa khola.

Nkhani inafika ku Nambuma. Alamu anga, mchimwene wawo wamkulu amene ali mwini mbumba, anabwera pamodzi ndi mchemwali wawo wamng'ono. Anandipeza nditagwira beseni.

“Alamu, kodi zoona? Mkulu wa mpingo mukusintha matewera?”

“Ndinawapanga zaka zambiri. Kusintha kokha kungandivute?”

“Si paja munkati mumapanga sefa, eti?”

“Ndi sefa yomweyo. Khalani pansi, alamu.”

Sanaseke. Anati zimene ndikuchita n'zochititsa manyazi banja lawo, anthu aziti mayiyu alibe abale. Anafuna kuwatenga tsiku lomwelo. Ndinakana. Tinagwirizana kuti mchemwali uja atsale sabata imodzi, azisamalira ndiye, ine ndikhale panja ngati amuna anzanga.

Ndinakhaladi panja. Ndinamusonyeza kayalidwe kake ndisanatuluke. Iye anagwira nsalu yopyapyala ija ndi zala ziwiri.

“Ichi n'chiyani, alamu? Nsalu yopanda ulusi, ngati pepala lokulungira usipa. Achemwali anga azigona pa ichi?”

“Imeneyo pamwamba. Yonyezimira pansi.”

“Ndamva. Tulukani, si malo anu ano.”

Sanali munthu waulesi. Ankadzuka m'mamawa, kuphika phala, kusesa, kuimba nyimbo za chigwirizano cha amayi pafupi ndi wodwala. Koma mayi aliyense amadziwa kuti poyala chitenje, mbali yokongola imakhala pamwamba. Iye anaona yonyezimira ija, yosalala, n'kuganiza kuti ine mwamuna ndasokoneza. Anaika pamwamba pofuna kulemekeza mkulu wake. Madzi analibe kolowera. Akazi anga ankagona padziwe, pakamwa posatha kunena.

Alamu atabweranso ndinalowa nawo m'chipinda. Pachiuno cha akazi anga panali chigamba chofiira, chachikulu ngati chikhatho. Ndinachidina ndi chala, sichinayere.

“Mwaona zinsalu zanu za kufakitale,” anatero alamu. “Amayi athu ankagona pa nsanza koma sanawole. Mawa ndibwera ndi galimoto.”

Sindinakangane nawo. Ndinatunga madzi m'kapu, n'kuyala nsalu zitatu zija pansi monga zinayalidwira, n'kuthira. Madzi anaima pamwamba. Ndinazitembenuza, n'kuthiranso. Analowa.

“Gwirani apa, alamu.”

Anagwira, n'kuyang'ana dzanja lawo. Linali louma. Mchemwali uja anaphimba nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira. Ndinamuuza kuti aleke, chifukwa anachita monga anamuphunzitsira amayi ake.

Alamu anali munthu wouma mutu ngati ine ndemwe. Anagwada pafupi ndi mphasa.

“Achemwali, tipite kwathu. Kuli anthu okuyang'anirani.”

Akazi anga analimbana ndi lilime nthawi yaitali. Dzanja lamanzere, lamoyo lija, linafufuza mpaka linagwira mwendo wa buluku langa.

“Awa,” anatero.

Alamu anaimirira, n'kukutumula m'mawondo.

“Chabwino. Koma mumve, alamu. Chigamba ichi chikaphulika, ndidzawatenga, ngakhale muitane abusa.”

“Chikaphulika ndidzawanyamula ndekha kuwaika m'galimotomo.”

Kuyambira tsiku limenelo munda ndinausiya kwa aganyu. Ndinkawagoneka chammbali, tsamiro kumsana, kuti chiuno chisakhudze mphasa. Dzuwa likasuntha pang'ono, ndawatembenuza. Nsalu ikangonyowa, ndasintha. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana chigamba chija monga ndinkayang'anira nsalu potuluka pa zitsulo, kufuna pamene payamba kung'ambika. Chinada, chinasupuka pamwamba, kenako chinayamba kuchepa. Sichinaphulike.

Amuna anzanga ena analeka kudya nane mbale imodzi. Wina ananena pa msonkhano wa akulu a mpingo kuti manja anga sayenera kugawa mgonero. Ndinamuyankha kuti ndimasamba ndi sopo, ndipo ngati sizikumukwana alandire kwa wina. Nkhani inathera pomwepo.

Akazi anga anakhala m'nyumba mwawo mvula ziwiri. Alamu ankabwera mwezi ndi mwezi, kulowa, kuyang'ana, n'kutuluka. Nthawi zina ankasiya nkhuku. Mchemwali uja ankabweranso, ndipo poyala ankandiitana kuti ndione.

Anamwalira chimanga chitacha, masana, nditangowamwetsa thobwa. Amayi amene anasambitsa thupi anatuluka n'kupita kwa alamu. Wamkulu wa iwo analankhula motsitsa, koma ndinamva.

“Thupi lonse n'losalala. Palibe chilonda ngakhale chimodzi.”

Alamu anabwera pamene ndinakhala, n'kukhala pambali panga.

“Mwasunga, alamu. Tsopano mutilole tiwatenge.”

Ndinavomera. Manda awo ali ku Nambuma, pafupi ndi amayi awo. Galimoto ija inabwera pamenepo, ndipo ine ndinakwera kumbuyo, pambali pa bokosi.

M'thumba muja munatsala nsalu. Yokhuthala ndimasefera madzi a pachitsime. Ina ndinapereka kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene amuna ake agona ndi matenda. Ndinamuyalira pansi katatu, mpaka anayala yekha molondola.