Kandodo ka a Kalekeni

Pa esiteti ya fodya ya ku Wimbe panalibe munthu wosoka fodya ngati a Kalekeni. Anabwera kuchokera ku Phalombe ali ndi mkazi wawo, a Feliya, ndi mwana mmodzi, Thoko. Ena akamamaliza mkangala umodzi, iwo amakhala atapachika kale wachiwiri m'chigafa. Manja amenewo ndi amene anawasunga pa esitetipo zaka zisanu ndi zinayi, matenanti anzawo akubwera ndi kupita.

Chaka chatha mlamu wawo anabwera kuchokera ku Joni ndi kandodo kachitsulo kodzitetezera. Kanali kafupi ngati chitsononkho, koma ukakakutumula mwamphamvu kamatalika, kwee! A Kalekeni anasiya chibonga chawo chamtengo, nkuyamba kuyenda ndi kameneka.

"Bambo a Thoko, kachitsulo kameneka kadzakupatsani mtima woima pamene pafunika kuthawa," anatero a Feliya.

"Iwe, akuba a kuno sanakaonepo. Kungomva kulira kwake adzataya ndi nsapato zomwe."

Poopa ana, amakabisa m'chigafa pansi pa ziguduli zonyowa zofewetsera fodya. Kanagona mmenemo nyengo yonse yosankha fodya, dzimbiri likudya m'kati.

Mwezi wa Meyi kapitawo anawatuma kukasiya belo la fodya kumsewu, kumene lole imadikira. Anatenga kandodo kaja nkukaika m'thumba. Dzuwa lili paliwombo, akukankha njinga pakamlatho ka kudambo, anthu awiri, wamtali ndi wamfupi, anatulukira m'tsekera.

"Madala, siyani katunduyo muzipita."

Njira yothawira inalipo. Koma a Kalekeni anapisa m'thumba, nkukutumula. Zii. Anakutumulanso. Kandodo kanangokhala kafupi.

"Kodi mukufuna kutiyimbira foni?" anaseka wamtaliyo, nkuwalanda. Anakamenyetsa pachitsulo cha mlatho, kanatalika. A Kalekeni atakweza dzanja lamanja kuti atchinge mutu, kandodoko kanatera pamfundo za zala penipeni.

Belo linapita. Kuchipatala anawamanga chikhakha, koma atachichotsa zala zitatu zinakana kupinda.

A Feliya ankawaona m'mawa kuseri kwa nyumba, akuyeserera ndi singano pa masamba a mpiru, singano ikugwa, iwo nkutola, ikugwanso.

Nthawi yofesa nazale itayandikira, kapitawo anafika pakhomo. Anakana mpando.

"A Kalekeni, tatambasulani dzanjalo ndione."

Anatambasula.

"Fumbatani."

Zala ziwiri zinapinda, zitatu zinangoloza kumwamba.

"Ine ndingathe kusoka," anafulumira a Feliya. "Ndi Thoko yemwe wakula."

"Mayi, munda wa maekala awiri, kupalira, kuthyola, kusoka. Abwana andimvetsa bwanji?" Kapitawo anayang'ana pansi. "Nyumbayi mulowa banja lina Loweruka."

Anachoka Lachisanu, osadikira kuonana ndi olowamo. A Feliya anasenza mtolo wa ziwiya, Thoko mphasa ndi nkhuku. A Kalekeni anatsatira pambuyo, dzanja lili m'thumba la jekete, dzuwa likuswa mtengo.