Mwala wa m'Kapinga

Zopita ku Joni tinagwirizana tili m'munda, tikukolola nandolo, Yankho ali kumsana kwanga. Mvula inali itagwetsa khoma limodzi la nyumba yathu, tikugona kukhitchini kwa amayi, ndipo kamunda kathu kuno ku Namitambo ndi kaja koti ukaima kumalire kuno umacheza ndi wa kumalire uko osakweza mawu. Woyenera kupita anali bambo a Yankho, a Fanuwelo, koma iwo anapitako kale, anawagwira opanda mapepala n'kuwabweza. Ndiye msuweni wanga atatumiza uthenga kuti kuli dona wina wachikulire akufuna mtsikana wa m'nyumba, onse anayang'ana ine. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, ku Limbe ndinali nditapitako katatu kokha. Mwana ndinamuletsa bere kutatsala sabata imodzi kuti ndinyamuke. Amayi anamulandira m'manja mwanga pa siteji n'kunena kuti, "Pita mwananga, usacheuke, angalire."

Sindinacheuke.

Ku Joni ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja ya dona, mpanda wake wa magetsi, geti lotseguka lokha. Sindinkakhulupirira munthu. Pasipoti ndinkagona nayo m'kamisolo, galimoto ikaima pageti ndimvekere apolisi afika. Lamulungu ndikaweruka ndinalibe kopita, ndinkangokhala pabedi kuonera zithunzi za Yankho mpaka foni kutha moto. Malipiro akabwera ndinkatsala ndi ya sopo ndi mayunitsi basi, yonse kumudzi. Chinyanja ndinkachimva kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu, akabwera a Muhiwa.

A Muhiwa anali bambo wachikulire wa ku Phalombe, wosamalira maluwa ndi kapinga wa dona kwa zaka zambiri. Dzanja lawo lamanzere linalibe zala ziwiri. Tsiku lina anandiitana kuti, "Mwanawe, mawondo anga atha, ine chaka chino ndikubwerera kumudzi. Bwera ndikuphunzitse makinawa, dona azikuwonjezera kenakake." Ine ndinangoti chabwino, koma mumtima ayi. Mwamuna angapereke ntchito yake kwa munthu ulele? Ndinaganiza kuti akufuna ndiwononge makinawo, dona andichotse, iwo abweretse m'bale wawo. Kapena akufuna zina zija. Masiku oyamba ndinkaima patali, maso pa manja awo.

Makinawo anali otchetchera kapinga, a petulo, okankha ukuyenda pambuyo pake. Kulira kwake ngati chigayo. A Muhiwa sanandilole kuwagwira sabata yonse yoyamba, ntchito yanga inali kutola.

"Usanakoke chingwe, yenda bwalo lonse ngati wataya singano," ankatero. "Mwala, waya, fupa la galu, tola. Mpeni uli pansipa ukapeza mwala suufunsa, umauponya ngati chipolopolo. Galu m'nyumba, zidzukulu za dona m'nyumba. Ukaona mwana, zimitsa kaye, kukalipa pambuyo."

Anandivulitsa chitenje ndi mapatapata, anandipatsa ovolosi yawo yakale ndi majombo, ndinkaika nsanza kutsogolo kuti andikwane. Anandionetsa poyezera oyilo, kuti tsiku lililonse uyambe wasolola kawaya kaja n'kuona pafika oyilo. Petulo kuthira panja, injini itazizira, osati ili yotentha chifukwa choti wathamangira kumaliza. Kapinga wonyowa ayi. Pamalo otsetsereka kuyenda chopingasa, ndipo osawakokera makinawo kumapazi ako. Kenako anandigwiritsa kachitsulo kena kopyapyala kali pa chogwirira.

"Aka ukakafinya pamodzi ndi chogwirira injini imayenda, ukakasiya imazima. Anyamata amakamanga ndi chingwe, ati kutopa n'kulizaliza. Iwe ukadzamanga, usadzanene kuti anakuphunzitsa ndi Muhiwa."

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Nanga zala zanuzo, bambo?"

Anaseka. "Zili ku Joni konkuno, zinakana kubwerera kumudzi. Udzu unatsekera pansi, ndinazimitsa bwinobwino, ndinalowetsa dzanja n'kupukusa mpeni. Waya wa pulagi, wopereka moto ku injini, ndinali ndisanazule. Injini inangotsokomola kamodzi basi."

Kuchokera tsiku limenelo sindinaikepo dzanja pansi pa makina waya uja ali pamalo pake, ngakhale kungochotsa tsamba. A Muhiwa anapita kwawo osandipempha kalikonse, ndipo manyazi anandigwira kuti ndinkawaganizira zoipa. Pano ndimaona kuti kukayikira kwanga ndinkakuwonongera pa anthu olakwika.

Cholakwa changa chinali kunyada. Ndinaimika foni pa mpando, ndinadzijambula ndikutchetcha, mizere ili mbee kuwongoka, n'kutumiza kumudzi. A Fanuwelo anaimba tsiku lomwelo. "Mayi a Yankho, chimenechi ndiye chuma! Kuno mabwalo a matchalitchi ndi masukulu anthu akuvutika ndi zikwakwa. Ku Limbe ndaona makina otere akale akugulitsa, tigule." Ndinakana kawiri, kachitatu ndinatumiza ndalama. Ndinasangalala kuti mwina akapeza ganyu yokhazikika ine ndibwerera msanga. Ndinawatumizira mauthenga a mawu ataliatali, zonse za a Muhiwa, za miyala, za pulagi, za kachitsulo, makamaka za mwana kuti asayandikire. Iwo anayankha akuseka, "Tamva aphunzitsi. Ndiye mwayamba kuphunzitsa amuna za injini?"

Miyezi itatu zinthu zinayenda. Kenako zithunzi za Yankho zinasintha.

Choyamba anali atavala chipewa cha ulusi, chija cha nthawi yozizira, atachikokera mpaka pamphuno. Mwezi wake unali Okutobala. Ine Okutobala wa ku Namitambo ndimamudziwa, ngakhale nkhuku zimayasamula. Chachiwiri anamujambula cham'mbali, akuyang'ana kumunda. Chachitatu cham'mbali momwemo, mbali yomweyo ya kumanja. Ndinabwerera m'mbuyo kuwerenga zithunzi zonse chimodzichimodzi, ndinazikulitsa ndi zala mpaka kungotsala timadontho. Ndikati tiimbirane pa vidiyo, ati netiweki. Ndikati mupatseni foni ndimve mawu ake, ati wagona, ati wapita kwa anzake, masana dzuwa lili pamutu mwana wagona? Nditaumirira anamupatsa, anangoti "Amayi," kenako ndinamva dzanja likulanda foni.

Ndinaimbira amayi. "Amayi, mwana ali bwanji?"

"Ali bwino, akusewera."

"Nanga chipewa chija?"

"Aa, ana a masiku ano, akachikonda chinthu. Iwe gwira ntchito, usamaganize zambiri, ungadwale."

Ndinapita kukafunsa msuweni wanga uja, amene ankaimba kumudzi sabata iliyonse. Anandiyankha akuyang'ana m'chikwama chake kuti sanamve kanthu. Pamenepo maganizo anga anathamangira kwa mkazi. Ndinati a Fanuwelo apeza ndalama za makina, alowetsa mkazi wina, mkaziyo akumenya mwana wanga, amayi akuopa kundiuza kuti banja lingathe. Ndinkamuona mkaziyo m'maso mwanga ngakhale nkhope yake sindinkaidziwa. Ndinasiya kudya. Tsiku lina ndikutchetcha ndinapezeka ndaima pakati pa bwalo, injini yazima yokha chifukwa manja anali atasiya chogwirira, ndikungolira. Za makina a ku Limbe aja sindinaziganizireko n'komwe. Ndinali nditawauza zonse, ndiye ndinkati amva.

Dona ndinamuuza kuti mwana akudwala, anandipatsa masabata atatu. Kumudzi sindinauze aliyense. Ndinkafuna ndiwapeze mmene alili, asanakonze pabwalo ndi pakamwa. M'basi masiku awiri ndi theka sindinagone, pa Mwanza ndinatsala pang'ono kusiya chikwama. Ku Limbe minibasi, kenako njinga yamoto, ndipo tisanafike n'komwe kwathu, cha m'ma leveni, ndinamva kulira kuja ndimakudziwa, kukuchokera ku bwalo la tchalitchi chathu. Ndinamuuza wa njinga kuti aime.

Makinawo anali okha pakati pa bwalo, akulira, palibe wowagwira. Kachitsulo kaja anali atakamanga ndi mphira ya chubu cha njinga, mmene timamangira thumba la chimanga pa kaliyala. Chotchinga cha kumbuyo, chimene chimaletsa zinthu kuuluka, panalibe, mpeni ukuonekera. Ana anayi anali atanjuta pafupi, akununkhiza utsi. A Fanuwelo anali uko pansi pa mtengo wa mango akumwa madzi, kumapazi mapatapata. Ndinaponya chikwama, ndinathamanga ndikukalipira ana aja, ndinakoka mphira ija mpaka kuduka. Injini inazima. Bwalo lonse zii.

"Mayi a Yankho! Bwanji osanena kuti mukubwera?"

"Mwamangiranji apa?"

"Chingwe chake n'chovuta, ikazima ndiye mpaka phewa kuthyoka. Ndiye bwalo lonseli munthu..."

"Miyala munatola?"

Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana njira ya kwathu, ndipo mmene anayang'anira njirayo ndinadziwa kuti kunyumba kuli zoipa. Sindinafunsenso za mkazi. Ndinathamanga.

Nyumba inali itamangidwa, malata atsopano akuwala. Amayi anali pamkeka akusenda chinangwa. Atandiona mpeni unagwa m'manja. Kumbuyo kwawo kunali kamtsikana kataliko, kovala chipewa cha ulusi, kanandiyang'ana potembenuza mutu wonse n'kubisala kumsana kwa agogo ake. Sanandidziwe. Ndinagwada, ndinati ndine amayi ako, ndinamuvula chipewa pang'onopang'ono. Diso lamanzere linali loyera ngati mkaka, litalowa m'kati, pachikope pali chipsera.

Sindikumbuka kuti ndinalira bwanji. Ndimakumbuka kuti anthu anadzaza pabwalo msangamsanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti kwagwanji. Onse ankadziwa. Amayi a chigwirizano, oyandikana nawo, wa njinga yemwe uja anandinyamula osanena kanthu njira yonse.

Anthu atabalalika amayi anandifotokozera. Tsikulo iwo anapita ku maliro, mwana anatsatira bambo ake ku bwalo, anakhala pansi chapatali ndithu akudya bwemba. Mwala unachoka m'kapinga. Kuchipatala chapafupi anamumanga bandeji n'kunena kuti lero lomwe mupite naye ku Blantyre. M'nyumba munalibe ya ulendo, ya ganyu anali asanalandire. Anadikira tsiku la msika kuti agulitse mbuzi, uku akumudonthezera mkaka wa m'mawere wa mayi wina woyamwitsa. Anafika naye ku Blantyre patapita masiku asanu. Adokotala anati mukanabwera tsiku lomwelo, mwina.

"Masiku asanu, amayi? Foni ili m'manja? Ine ndikanatumiza ola lomwelo!"

"Kupempha ya ulendo kukanakhala kukuuza. Munthu ali kutali sauzidwa zotere, mwananga, ndi mwambo wake. Ukanakomoka kuchilendo, akanakutola ndani?"

"Ayi amayi. Miyezi iwiri mukundinamiza ndi chipewa. Nenani zenizeni."

Anatola mpeni uja, anaupukuta pa chitenje nthawi yaitali. Kenako anati, osandiyang'ana, "Tikanakuuza ukanabwera. Ukanabwera, nyumbayi inali isanafoleredwe. Ndipo njala inali kutsogolo."

Ndinayang'ana malata aja. Ndimawadziwa amayi anga, sagona mwana akatentha thupi, ndi iwo anamubereka kumsana mpaka ku Blantyre. Amandikonda, a Fanuwelo nawonso analira ngati mwana atandipeza pakhomo. Koma ndinaona kuti munthu ukachoka, kwanu amakusandutsa munda. Amakusamala kuti usaume, amakutchingira mphepo, nkhani zoipa amazikwirira kuti uzibereka. Ndipo mudzi wonse umathandizana kukwirirako, aliyense ali ndi wake ku Joni.

Masabata atatu anatha kalekale. Dona analemba kawiri, kachitatu anati wapeza wina. Makinawo sindinagulitse ngakhale poyamba ndinkafuna kuwaponya m'chitsime. Ndinapita nawo kwa wokonza njinga zamoto, anasintha chingwe ndi pulagi, anadula tayala lakale n'kupanga chotchinga. Tsopano wokankha ndine, nditavala majombo, anthu akuseka kuti mkazi wa Fanuwelo walanda ukamwini. Iwo amayenda patsogolo ndi chidebe kutola miyala, ndipo ndikaona mwana ngakhale kumapeto kwa bwalo ndimasiya chogwirira. Zimene timapeza n'zochepa kuyerekeza ndi za ku Joni. Amayi akayamba zoti msuweni wako akuti kwapezeka malo ena, ndimangonyamuka kukatunga madzi.

Yankho anayamba kundizolowera patapita mwezi. Chipewa chija ndinachitentha, amayenda opanda kanthu, anzake anasiya kumufunsa. Dzulo ndinabwera kuchokera ku ganyu ndikununkha petulo, ndinakhala pakhonde pambali pake kuti ndivule majombo. Anandigwira mkono n'kuyamba kundikoka.

"Amayi, khalani uku," anatero. "Uko sindikuonani."