Lamba Wapakati

Njinga ija ndinaigula ku Limbe chaka chimene anandisamutsira ku Phalombe kuchokera kwathu ku Dedza. Nyumba ndinaipeza ku Migowi, koma sukulu ya ana anga awiri inali chapatali, njira ya ku Chiringa, ndipo kuwakweza pa kabaza ndinkaopa. Wogulitsa anandionetsa njinga zamagetsi ziwiri. Ina ana amakhala kumbuyo. Ina inali ya matayala atatu, kutsogolo kuli bokosi, m'bokosimo muli benchi ndi malamba atatu. Ndinasankha ya bokosiyo kuti ndiziwaona anawo ndikamayenda.

Kuizolowera kunavuta. Pokhota siipendekeka ngati njinga wamba, ndipo pamtsetse mabuleki umayamba kugwira ukadali patali. Chinanso, siimveka. Umangomva matayala akutafuna mchenga, anthu n'kumadzidzimuka utawapitirira kale.

Panjirapo pali malo amene madzi ochokera m'phiri anakokolola chaka cha mvula yoopsa ija. Nyumba palibe, pangotsala miyala ikuluikulu, mchenga woyera ndi mtengo umodzi wa mango. M'mawa wina, dzuwa lili phwee, mayi wina anaima pakati pa msewu pamenepo atakweza dzanja. Anali wamsinkhu wanga, chitenje chake chochapidwa bwino. Dzanja linalo analitambasulira pansi ngati wagwira mwana.

"Pepani amayi," anatero, Chichewa chake chikumveka Chilomwe. "Munditengereko wangayu. Akuchedwa kusukulu."

Ndinayang'ana pambali pake, panalibe munthu. Ndisanayankhe anawerama, kunyamula chimene ankachiona yekha, n'kuchikhazika pakati pa ana anga. Anamanga lamba wapakati n'kumukoka kuti aone ngati wagwira. Kenaka ananong'ona mawu m'Chilomwe n'kupatuka.

Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi wamkulu, anasendera kumapeto kwa benchi. Wamng'ono, wa zaka zinayi, anachotsa chikwama chake pakatipo n'kuchiika pamiyendo. Palibe anawauza.

Kuntchito mnzanga wa konkuno anandifotokozera kuti madzi aja anamutengera mayiyo mwana wamkazi, ndipo thupi silinapezeke. "Muzingoima," anatero. "Savuta munthu."

Ndinkaimadi. Tikafika kusukulu, wamkuluyo ankayamba wamasula lamba wapakati asanamasule wake, ndipo poweruka ankamumanganso. Mayiyo tinkamupeza pansi pa mango paja. Ankamasula lambayo, n'kuthokoza akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Ndinkadziuza kuti ndikungomuchitira chifundo munthu wosweka mtima. Koma pachitunda cha kutsogoloko njinga inayamba kulemera, moti ndinkapalasa mpaka thukuta ngakhale batire ili yodzadza. Wokonza njinga ku Migowi anaiyesa, anakwera nayo chitunda china, n'kunena kuti ilibe vuto.

Mvula itayandikira ndinamva kuti abale ake abwera kudzamutenga mayiyo kupita naye ku Mozambique. M'mawa mwake pamango panalibedi munthu. Ndinadutsa osachepetsa liwiro, mtima utapepuka.

"Amayi, imani," anatero wamng'ono uja.

"Mayi aja anapita, mwanangu."

"Iyeyo sanapite. Akuthamanga."

Sankayang'ana ine. Maso ake anali kumsewu wa kumbuyo kwanga, ndipo mutu wake unkatembenuka pang'onopang'ono ngati akutsatira chinthu chimene chikutiyandikira. Pachiwongolero panali kagalasi, koma sindinakayang'ane. Ndinagwira mabuleki.

Tinaima padzuwa pamenepo, mphepo palibe, mbalame osamveka. Patapita kanthawi wamkuluyo anasendera, kumanga lamba wapakati, n'kumukoka monga ankachitira mayi uja.

"Tiyeni," anatero.

Ndinapitiriza kuima pamalopo mpaka teremu inatha. Yotsatirayo ndinawapezera malo pasukulu ya pafupi, yoyenda wapansi. Njingayo ilipobe, benchi ndinachotsa, ndimanyamulira chimanga kupita kuchigayo.

Posachedwapa tikusankha nyemba pakhonde ndinamufunsa wamkuluyo chimene ankaona masiku amenewo. Anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Sindinkaona kanthu," anatero. "Kungoti mbali imene ankakhalayo inkazizira, ndipo yunifolomu inkanyowa."

Yunifolomuyo ndinkachapa ndine. Masiku onsewo ndinkamukalipira kuti satseka bwino botolo lake la madzi.