Amama a ku Lupaso ndi Chitsulo cha M'malire

Dzina lawo sinditchula, poti sindinawapemphe chilolezo. Ndi mayi wamasiye amene tinayandikana nawo kuno ku Lupaso. Ukawalangiza amangoti, "Ndamva, yewo chomene," kenaka n'kuchita zawozawo.

Ali ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Makinawo akalira kuti tswii, mwina pali mphete. Akang'ung'udza, ndi chitsulo wamba. Iwo amakumba pong'ung'udza pokhapokha, moti chidebe chadzaza misomali.

Loweruka lapitali Misheck, amene akulimbana nawo za malire a puloti, anawaseka. "Amama, ozidziwa amalumpha dzimbiri! Misomaliyo mumangira chiyani?"

"Ndamva, yewo chomene."

Anapitiriza mpaka kudumpha chingwe chimene Misheck anamanga poyeza mpanda wake. Makina anang'ung'udza. Atangokumba pang'ono, panatulukira chitsulo chozikidwa m'simenti, chizindikiro cha malire chimene malemu amuna awo ankachinena. Chingwecho chinali chitawadyera mapazi asanu. Sindikuwonjezera, ndinayeza kawiri.

Anakhala pansi pomwepo n'kutambasula miyendo. "Mwana wanga, zula chingwe chako. Mphetezo ukafune wekha."