Mwendo wa Asekuru

Fungo la ndowe zouma likandipeza, ndimawaona asekuru anga a Shaba, agogo aamuna, atakhala pakhomo la khola lathu ku Manyamula, utsi wothamangitsa ntchentche ukuwazinga, iwo akuitana ng'ombe iliyonse ndi dzina lake. Zinali zaka zija Boma litangokhazikika ku Mzimba, anyamata onse mtima uli ku Joni.

Chotupa chinawayamba pamwamba pa bondo, cholimba gwa. Anatemera mphini, anathowa ndi masamba, koma chinkangokulirakulira. Dokotala wa ku mishoni anati nthendayo, imene lero timati khansa, ikudya fupa, ndipo mwendo uyenera kudulidwa. Asekuru anavomera, koma anati, "Ndapota, mwendo wangawo mundibwezere. Mngoni salowa m'manda theka."

Amalume awiri anabwera nawo mwendowo m'chikopa, nkuukwirira mobisa m'khola poopa afiti. Malowo anaonetsa mwiniwake yekha, kenako iwo ulendo wa ku Joni. Khola linasamutsidwa, pakalepo agogo aakazi nkudzalapo maungu.

Patapita madzinja awiri, mutu unayamba kuwang'amba asekuru. Ankagwa ngati a khunyu, ndipo tsiku lina anaitana agogo aakazi ndi dzina la ng'ombe. Ife ana tinaseka, poti mwana alibe nzeru. Atawanyamula pamachira kupita nawo ku mishoni, dokotala anapukusa mutu, nati nthendayo yakwera ku ubongo, zimene iye sanazionepo kawiri, ndipo mpeni sungafikeko. Posakhalitsa mawu anatheratu. Agogo ankangolira kuti, "Mbwenu tiwaika bwanji amuna anga? Ndani akudziwa pali mwendowo?"

M'mawa wina ndikusesa, ndinaona asekuru akukwawa, akudzikoka ndi zigongono, chitsa cha mwendo chikulemba mzere m'fumbi. Ndinafuula, koma agogo anati tiwaleke. Analowa m'maungu, napitirira chulu, naima, nkumenya pansi katatu ndi chikhatho. Anthu atakumba anapeza chikopa chija, m'kati muli fupa lokhala ndi nundu yake. Munthu amene anaiwala mkazi wake sanaphonye ndi phazi limodzi lomwe! Analisisita fupalo nati, "Yewo." Mawu othokoza amenewo ndiwo anali awo otsiriza.

Anawaika chokhala, monga mwa Chingoni, ali athunthu.

Lero nanenso ndakalamba, ndipo maina a adzukulu ayamba kundithawa. Iwo amaseka, ine osadandaula. Ndinaona ndi maso angawa kuti mwa munthu muli pena pamene nthenda sifika.