Tsiku limene ndinazungulira damu

Sitiroko inandisiya ndi mwendo wakumanja wokoka. Kwa munthu wina imeneyo ikanakhala nkhani yaing'ono, koma ine ndine telala, ndipo banja lonse ndalidyetsa popalasa makina osokera pakhonde pathu ku Nabvutika. Ana anga, amene anaphunzira sukulu ndi mwendo womwewo, anapangana zoti makinawo agulitsidwe, ine ndikapume kumudzi ku Chiparamba. Ndinawauza kuti munthu amapuma kumanda.

Mkangano utakula, mwana wanga wachisamba ananena moseka kuti tsiku limene ndidzazungulire damu ndi miyendo yanga, makina sadzawakhudza. Iye ankati nthabwala, koma ine mawuwo ndinawasunga, ndipo miyezi yotsatirayo ndinkadzikoka m'mawa uliwonse kuzungulira nyumba.

Damu limeneli lili kunja kwa tauni ya Chipata. Mkazi wanga amapikula nsomba kumeneko, pakadoko ka asodzi, n'kukagulitsa kumsika. Nditamuuza kuti tsiku lakwana, sanandiletse, komanso sanandilimbikitse.

"Pitani, bambo. Koma mukakagwa musakandiitane, ndili ndi malonda."

Ndinakhumudwa, sindibisa. Tinakwera njinga zonyamula anthu m'mawa wozizira wa mu Juni.

Padokopo panali mabwato ochepa, mamba a nsomba ali mbwee pamchenga, amayi akulimbirana matemba ndi milamba. Mkazi wanga analowa m'gulumo osacheuka. Ine ndinagwira ndodo yanga n'kuyamba kukwera khoma la damu.

Pakhomapo panayendeka bwino. Mavuto anayamba nditatsikira kumadimba, kumene ng'ombe zinaponda matope n'kuuma. Phazi langa linkakodwa m'kadzenje kalikonse. Amayi othirira repu ankandilonjera mwaulemu, koma ndikadutsa ndinkamva maso awo kumsana.

Apa m'pamene ndinaona bwato likuyenda mphepete mwa bango. Munali msodzi wachikulire wa jekete yong'ambika m'zigongono, amene ndinamuona padoko paja. Ndikaima kuti ndipume, nayenso ankaima n'kumapisa dzanja m'madzi. Ndikanyamuka, ankapalasa. Nditamulonjera anayankha kuti akuyendera maukonde ake. Mumtima ndinati munthu uyu ndi waulesi, maukonde anji oyendera ngati nkhono.

Dzuwa litafika pamutu ndinali kutsidya, doko likuoneka kang'onong'ono. Mwendo unali utalemera ngati thumba la chimanga. Kuipa kwa njira yozungulira n'koti ukafika pakati kubwerera sikuthandiza, mtunda ndi womwewo. Ndinakhala pamwala n'kuganizira makina anga ali pangolo, akupita kwa munthu wosadziwa ngakhale kuwathira mafuta. Mkwiyo umenewo ndi umene unandidzutsa.

Kumtunda kwa damu kuli kamtsinje kolowa, ndipo mlatho wake ndi mtengo umodzi wogonekedwa. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Kuyenda choimirira sikukanatheka. Ndinaponya ndodo kutsidya, ndinakhala pamtengopo ngati pabulu, n'kuyamba kudzikhwekhwereza ndi matako, ine bambo wa zidzukulu. Bwato lija linali litafika pafupi kwambiri, koma msodziyo anali atandipatsa msana, maso ali kumadzi. Sanacheuke mpaka nditatola ndodo yanga. Ndinathokoza Mulungu kuti palibe amene anandiona.

Ndinatulukira padoko kuchokera mbali inayo dzuwa litapendeka, buluku litang'ambika kumbuyo. Anthu ambiri anali atabalalika. Mkazi wanga anali akadali pomwepo, beseni la nsomba lili pambali, ntchentche zikulizungulira. Kumsika sanapite. Anandipatsa madzi n'kunena kuti buluku ndikasoke ndekha.

Msodzi uja akukocheza, mayi wina amene ankatsuka mabeseni anamufunsa moseka kuti wagwira zingati kutsidya kuja, pamene aliyense amadziwa kuti kuli zitsa zokhazokha ndipo palibe amene amatcherako ukonde. Msodziyo anangopitiriza kukokera bwato pamchenga. M'bwato mwake munalibe nsomba kapena ukonde, munali chingwe chachitali ndi bulangete limene ndinalizindikira, la pabedi pathu.

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye ankakonza nkhata ya beseni.

"Ndinati musakandiitane ineyo," anatero. "Kodi ine ndimatha kupalasa bwato?"

Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo sindinachite nayo manyazi. Ndimanyada kuti damu ndinalizungulira ndi miyendo yanga, koma sindinalizungulire ndekha, ndipo anthu awiriwo ndidzawathokoza mpaka kufa.

Makina alipobe pakhonde. Chinthu choyamba chimene ndinasoka nditayambiranso chinali jekete ya msodzi uja. Msoko wake unakhota chifukwa mwendo unkadumphadumpha, ndipo ndinamupempha kuti abwere nayo ndikonze. Mpaka lero amakana kuivula.